Ndinagula ma strip oyezera madzi aja a 16 in 1, nayi nkhani yake kwa anzanga a madamu a nsomba

Anthu angapo akhala akundifunsa ku inbox kuti aphunzitsi timapepala tija munaitanitsa ku Joni tikugwira ntchito kapena ndi bodza chabe, ndiye ndati ndingolemba kamodzi aliyense awerenge yekha. Ndawagwiritsa ntchito miyezi inayi tsopano. Mwachidule ndikuwapatsa nyenyezi zitatu pa zisanu, koma chifukwa chimene ndinawagulira si chimene ndikuwasungira, mumva.

Ine ndimaphunzitsa kemisitiri ku sekondale ina kuno ku Zomba, ndipo kumudzi m'munsi mwa phiri ndili ndi madamu awiri a makumba ndi chilunguni pang'ono. Lina ndi lakale, lina ndinakumba chaka chatha chomwechi. Onse amamwa madzi a kamtsinje kamodzi kamene kamadutsa m'madimba a tomato kumtunda. Tsiku lina mvula itagwa usiku mnyamata amene amandiyang'anira anandiimbira m'mamawa kuti bwana bwerani nsomba zikuyandama. Kufika ndinapeza damu latsopano lija madzi ake asintha, kubiriwira kuja kwatha angoti mbuu, ana a nsomba ali phee m'mbali ena akungotulutsa milomo pamwamba. Damu lakale, lomwe lili mamita ochepa chabe pambali pake, nsomba zikudya madeya ngati palibe chachitika. Madzi amodzi omwewo, ngalande imodzi. Mutu unandizungulira.

Amalume ena a kumtunda ndi amene anandiuza mosabisa kuti iwo ndi anzawo sabata imeneyo anapopera kopa, mankhwala a mkuwa aja, chifukwa cha chiwawu, ndipo masipuleya amatsukira mu kamtsinje komweko, otsala m'thanki amangokhuthula pompo. Sindinakangane nawo, ndi anthu oti timadyera limodzi pa maliro, komanso sankadziwa. Koma ndinafuna umboni, ndiye ndinamuuza msuweni wanga ali ku Johannesburg kuti andipezere choyezera zitsulo m'madzi. Anatumiza pa basi kabotolo ka ma strip 100, dzina la kampani sinditchula chifukwa ndaona kuti mabotolo otere ndi ambirimbiri ongosiyana chizindikiro koma m'kati ndi chimodzimodzi.

Kabotolo kake ndi kabwino ndithu, kotseka mwamphamvu, m'kati muli kathumba koyamwa chinyezi. Strip iliyonse ili ndi timabokosi 16 tamitundu, umaviika m'madzi masekondi awiri, kutulutsa, kudikira pang'ono kenako kufananiza ndi tchati chili pa botolo. Pali pH (kuwawasa kwa madzi), hardness (kuchuluka kwa calcium ndi magnesium), alkalinity (mphamvu ya madzi yolimbana ndi kuwawasa, ngati imene laimu amapereka), kulorini, nitrate, nitrite, fluoride, kenako zitsulo: chitsulo chenicheni (iron), mkuwa, mtovu, mercury ndi zina. Malangizo ali m'Chingerezi chokhachokha ndipo zilembo zake ndi ting'onoting'ono moti ndinachita kujambula pa foni nkukulitsa. Vuto loyamba ndi loti ukaimika strip chilili madzi amatsetsereka kuchoka pa kabokosi kena kupita pa kanzake mitundu nkusakanikirana, ndiye uziigoneka chopingasa. Vuto lachiwiri usayerekeze kuwerenga ndi tochi kapena babu la m'nyumba, pinki wofuwa ndi pinki wofuwirako pang'ono usiku ndi chinthu chimodzi. Panja, pamthunzi, masana basi. Ndipo ukatsegula botolo ndi manja onyowa nthawi ya dzinja wawononga onse.

Ndiye ndinaviika mu damu lakufa lija. Mkuwa: ziro. Mu damu lamoyo: ziro. Mu kamtsinje: ziro. Ndinakhala kaye pansi kkkk, ndalama zanga zapita.

Pamene ma strip anafika panali patadutsa masabata atatu nsomba zitafa, ndiye mwina mkuwa unali utakhazikika kale m'matope, zimenezo ndikuvomera. Koma nditayang'anitsitsa tchati ndinaona vuto lenileni. Manambala a mkuwa akuyenda chonchi: 0, kenako 0.5, kenako 1, 3, 10 mg pa lita. Kutanthauza kuti chilichonse cha pansi pa 0.5 iwo amati ziro. Kwa munthu wakumwa madzi zimenezo zilibe vuto, a WHO malire awo a mkuwa m'madzi akumwa ndi 2 mg pa lita, ife anthu matupi athu amaufuna mkuwa pang'ono ndipo chiwindi chimadziwa kuutulutsa. Koma ndere ndi tizilombo ting'onoting'ono tam'madzi timene ana a nsomba amadya timayamba kufa mkuwa uli wochepa kwambiri kuposa 0.5, ndiponso ndi chifukwa chake copper sulphate amagulitsidwa ngati mankhwala ophera ndere. Tawerengani nane. Damu la mamita 20 m'litali, 10 m'lifupi, kuya mita imodzi, ndi malita 200,000. Ufa wa kopa uja alimi amagula nthawi zambiri theka lake ndi mkuwa. Magalamu 100 a ufa atasungunuka onse m'damu lotere ndi 0.25 mg pa lita. Strip ikuuza kuti zonse zili bho, pamene ndere zikufa, zikuwola, nkumaliza mpweya wonse m'madzi cha m'bandakucha. Ma strip awa anapangidwira mpopi wa kukhitchini, sanapangidwire damu.

Kuti ndisawanamizire ndinakawayesa ku labu ya kusukulu. Ndinayeza magalamu 0.4 a copper sulphate wa buluu uja mu lita imodzi ya madzi osungunula, zimenezo zimapereka pafupifupi 100 mg ya mkuwa pa lita, kenako nkumachepetsa. Pa 10 kabokosi kanasintha bwinobwino. Pa 3 kanasintha. Pa 1 ndinachita kuitana ana a Fomu 4 atatu kuti tione limodzi ndipo awiri anati kasintha mmodzi anati ayi. Pa 0.5 palibe anaona kanthu. Ndiye samanama, koma ndi agonthi, amamva ukakuwa basi.

Tsopano apa ndi pamene ndinayamba kuwakonda. Nditasiya kuyang'ana timabokosi ta zitsulo ndinayang'ana tatatu tapamwamba tija ndinkangotidumpha. Damu lakufa: pH cha m'ma 6, alkalinity pansi pa 40, hardness cha m'ma 25. Damu lamoyo: pH pakati pa 7.5 ndi 8, alkalinity kupitirira 80, hardness cha m'ma 120. Ndipo ndinakumbuka kuti damu lakale ndakhala ndikuthiramo laimu chaka chilichonse ndi manyowa a nkhuku, pamene latsopano ndinali ndisanathiremo laimu ndi kamodzi komwe chifukwa ndalama inathera kwa okumba. Yankho linali pompo pa strip yomweyo, kungoti osati pa kabokosi kamene ndinkayang'ana.

Ndifotokoze pang'ono, mundikhululukire uphunzitsi sutha. Nsomba ya m'madzi opanda mchere nthawi zonse ikutaya mchere wa m'thupi mwake, ndiye m'makha muja, ena mumati ma gills, muli timakomo timene timakoka sodium ndi calcium kuchokera m'madzi kubwezeretsa. Mkuwa ukafika umakakamira pamenepo nkutseka njira ya sodium, nsomba imafooka ngati munthu wotsegula m'mimba wopanda thanzi ORS. Cadmium, zinc ndi mtovu zimakonda kulowera pa khomo la calcium. Koma chimene chimaluma ndi mkuwa umene uli wokha, wosagwirana ndi kanthu. M'madzi muli laimu, carbonate wa mu laimuyo amaugwira mkuwa uja nkuumanga manja. Zowola za manyowa ndi masamba, zija zimapangitsa madzi kuoneka ngati tiyi, zimaugwiranso kwambiri. Calcium naye amakhala pa khomo kulimbirana malo. Pamene madzi a m'phiri ngati athu kuno, oyera mbee, opanda laimu, owawasa pang'ono, mkuwa umayenda wokha manja ali lende mpaka kukafika pa nsomba. Mlingo umodzi womwewo damu lina kupha lina ayi. Akatswiri a ulimi wa nsomba amachenjeza kale kuti alkalinity ikakhala pansi pa 50 usathire copper sulphate m'damu, ine ndinkaziwerenga ngati za m'buku chabe. Ku America bungwe lawo la zachilengedwe la EPA kuyambira 2007 malire a mkuwa m'mitsinje silipereka nambala imodzi ya dziko lonse, amagwiritsa ntchito chimene amati Biotic Ligand Model, umalowetsa pH, calcium, alkalinity, zowola zosungunuka ndi zina mu kompyuta ndiye imakuuza malire a mtsinje umenewo. Ine kompyuta yoteroyo ndilibe koma zitatu mwa zimenezo strip yanga ikundipatsa pa mtengo wa kabotolo kamodzi.

Mwana wina m'kalasi anandifunsa funso labwino nditawafotokozera nkhaniyi, akuti sala nanga bwanji laimu tikuthira matumba athunthu m'damu nsomba nkusangalala, pamene calcium nayenso ndi chitsulo, koma mkuwa supuni zochepa zokha zapha. Limenelo ndiye funso lenileni, ndipo yankho lake mutha kulosera osapha nsomba ndi imodzi yomwe. Mu 1963 katswiri wina wa ku America Ralph Pearson anagawa zitsulo kuti zina ndi zolimba zina ndi zofewa, osati kulimba kogogoda ndi hamala ayi koma khalidwe la chitsulocho chikasungunuka m'madzi. Zolimba ngati sodium, potassium, calcium, magnesium zimakonda kugwirana ndi oxygen ndipo zimagwira mosakakamira, kugwira nkusiya. Zofewa ngati mercury ndi siliva zimakonda sulphur ndipo zikagwira sizisiya. Mu 1980 akatswiri ena awiri, Nieboer ndi Richardson, anatengera nzeru imeneyi ku zamoyo nkupanga magulu atatu, A okonda oxygen, B okonda sulphur, ndi apakatikati momwe muli mkuwa, zinc, nickel, cadmium ndi mtovu, ena mwa iwo atapendekera kwambiri ku B. Tsono ma enzyme, tinthu timene timayendetsa ntchito za m'thupi, kaya la nsomba kaya lanu, ambiri ali ndi sulphur pamalo pamene amagwirira ntchito. Chitsulo chokonda sulphur chikalowa chimakakhala pompo ngati mlendo wokana kutsanzika, ntchito nkuima. Ndiye mukamayenda kuchoka ku A kupita ku B ululu ukukwera, ndipo mu mayeso ambiri a nsomba ndi tizilombo tam'madzi mercury, siliva, mkuwa ndi cadmium zimakhala pamwamba, calcium ndi magnesium pansi penipeni.

Njira yosavuta yokumbukira imene ndimawauza ana ndi yoti funsa kuti chitsulocho m'nthaka chimapezeka chitakwatiwa ndi ndani. Mtovu amaukumba ngati galena, ndi sulphur. Mercury ngati cinnabar, ndi sulphur. Mkuwa wambiri wa ku Copperbelt ku Zambia, ndi sulphur. Cadmium amabisala mu miyala ya zinc, sulphur yemweyo. Pamene calcium ali mu miyala ya laimu ngati ya ku Changalume kapena ku Balaka, wagwirana ndi oxygen. Chimene chinasankha sulphur pansi pa nthaka chidzasankhanso sulphur m'thupi mwako. Ndipo mawu oti heavy metals aja pa botolo alembedwa ndi zilembo zikuluzikulu ine amandinyansa pang'ono, kulemera si nkhani. Golide ndi wolemera kuposa mtovu koma anthu amavala m'mano moyo wonse.

Palinso chinyengo china, kufanana nkhope. Mtovu thupi limauona ngati calcium ndiye limausunga m'mafupa zaka zambiri ndipo mwa ana umasokoneza ubongo, ndi zimene zikuvutitsa anzathu a ku Kabwe mpaka lero ngakhale mgodi unatsekedwa mu 1994. Cadmium ali m'munsi mwa zinc pa periodic table ndiye amalowa m'malo mwake, ku Toyama ku Japan anthu amene ankathirira mpunga ndi madzi a mtsinje wa Jinzu anadwala impso ndi mafupa matenda aja anawatcha itai-itai. Arsenic amafanana ndi phosphate.

Koma lamulo la A ndi B lisakupusitseni kuti ndi lopanda dzenje. Aluminium ndi wa gulu A weniweni, pa phiri la Mulanje ali mu bauxite atagwirana ndi oxygen, ndipo m'dothi lililonse la damu alimo wambiri osavuta munthu. Koma pH ikatsika cha m'ma 5 amasungunuka nkukamata pa makha nsomba nkubanika. Asidi ndi amene amamasula zitsulo zogona, taonani zimene zinachitika mu February 2025 damu la zinyalala za mgodi litaphulika ku Chambishi ku Zambia, madzi a asidi analowa mu Kafue nsomba zinafa mtunda wautali mpaka mzinda wa Kitwe anautsekera madzi. Chromium nayenso ali pawiri, wa 3 alibe ukali kwenikweni koma wa 6 amalowa m'maselo mosavuta ndipo amayambitsa khansa, dzina limodzi khalidwe losiyana. Zonsezi strip singakuuzeni, imangoti chromium basi.

Kabokosi ka mercury ndiye ndikuuzeni zoona sindikakhulupirira ngakhale pang'ono, ndipo ngakhale katakhala kolondola kakuyang'ana malo olakwika. Mercury akagwera m'matope mabakiteriya amamusandutsa methylmercury, ameneyo sakhala m'madzi kudikira strip yanu, amalowa m'tizilombo, tizilombo kudyedwa ndi tinsomba, tinsomba kudyedwa ndi mlamba, aliyense akuwonjezera. Ku Minamata kumene matenda anadziwika mu 1956 anthu anadwala chifukwa chodya nsomba ndi nkhono za m'nyanja, osati kumwa madzi. Ndiye anzanga amene muli kufupi ndi kumene anthu akusefa golide ndi mercury, strip kukuonetsani ziro sikutanthauza kuti nsomba ya mumtsinjemo ndi yabwino.

Za mtovu chimodzimodzi. Malire a WHO ndi 0.01 mg pa lita, cadmium 0.003. Manambala amenewo ndi ochepa zedi moti kusiyanitsa ndi maso pa kapepala konyowa ndi kudzinamiza. Ndinayeza mjigo wa kumudzi, chitsime cha apongozi ndi mpopi wa kusukulu, konse kabokosi sikanasunthe, koma sindinapite kukauza anthu kuti madzi anu alibe mtovu, ndinangowauza kuti mulibe wochuluka moti kapepala nkuona. Apongozi anafunsa kuti nanga tikawiritsa kapena kuthira kulorini sizitha? Ndinati ayi amayi, zimenezo zimapha tizilombo ta kolera koma chitsulo sichifa, mukawiritsa kwambiri madzi ndi amene amachepa chitsulo nkutsala chonse. Kabokosi ka chitsulo chenicheni kokha ndi kamene kanagwira pa mjigo wina umene madzi ake amafiiritsa ndowa ndi zovala, koma zimenezo amayi a pamjigo ankazidziwa kale popanda strip, ndipo chitsulo chotero chimanyansa kukamwa kuposa mmene chimapwetekera.

Ngati mukufuna nambala yeniyeni ya mtovu, cadmium kapena mkuwa wochepa, yoti mukaonetse kwa afumu kapena ku khonsolo, pitani ku labu yokhala ndi makina a AAS, amene amaona zitsulo ngakhale zochepa kwambiri, monga ku Malawi Bureau of Standards kapena ku Central Water Laboratory ku Lilongwe. Imbani kaye mufunse mmene mungatungire, chifukwa madzi oyeza zitsulo amafuna botolo la pulasitiki loyera bwino ndipo amathiramo asidi pang'ono kuti zitsulo zisamatirire m'mbali mwa botolo. Ndipo tungani tsiku lomwelo nsomba zafa, osati ngati ine kudikira basi ya ku Joni masabata atatu.

Ndiye ndani agule? Wa damu la nsomba gulani, koma muzigula mukudziwa kuti mukugula pH, alkalinity ndi hardness, komanso nitrite amene amathandiza mukadyetsa mopyola. Timabokosi timeneto ndinatiyesa ndi viniga, soda ndi madzi a laimu ndipo timasintha msanga mooneka bwino, pH ndinafananiza ndi mita ya kusukulu kusiyana kwake sikunapitirire theka. Mphunzitsi wa sayansi gulaninso, ana amasangalala nazo kwambiri ndipo strip imodzi mutha kuidula pakati m'litali ndi sizasi youma kukhala ziwiri. Koma amene mukuopa kuti chitsime chanu chili pafupi ndi pamene amaphwanya mabatire akale kapena kufupi ndi fakitale, ndalama imeneyo sungani muwonjezere ya labu, kapepala aka kangokugonetsani tulo tabodza.

Damu latsopano lija ndinaliphwetsa, ndinathira laimu pansi, manyowa, nkudikira masabata awiri mpaka strip inaonetsa alkalinity kupitirira 80 ndi madzi kubiriwira ndisanaike mbewu ina. Pa ngalande ndinaika kachitseko ka thabwa, mnyamata akamva kuti kumtunda akupopera kapena mvula yoyamba ikagwa amatseka masiku awiri. Amalume aja tinagwirizana kuti azitsukira masipuleya pa dzenje limene tinakumba kutali ndi madzi, ine ndinalonjeza ndowa ya makumba pa Khirisimasi, ndipo akundikumbutsa kale sabata iliyonse. M'botolo mwatsala ma strip 31 ndipo deti lake likutha chaka chamawa. Akatha ndidzamuuza msuweni asavutikenso ndi 16 in 1, andipezere aja a timabokosi tochepa a pH ndi alkalinity amene amagulitsa kwa anthu a ma swimming pool, ndi otchipa komanso mitundu yake siyisakanikirana.